KUKULA KWA MWANA, GAWO LACHITATU: Tiphunzire kuwerenga kadi ya kusikelo

Sabata yatha tidakambirana za miyezi itatu yoyamba ya khanda. Lero tifika pa msinkhu wa miyezi 4 mpaka 8, nyengo imene mwana amayamba kugubuduka, kukhala pansi, kumera mano ndi kulawa phala. Maganizo anga ndi akuti pa msinkhu umenewu makolo ambiri amavutika mtima ndi zinthu zosaopsa, pamene chinthu choopsa chenicheni chimawadutsa osachiona.

Vuto loyamba ndilo kupikisanitsa ana. Mayi akaona kuti mwana wa mnzake wayamba kukhala yekha, mtima suli m'malo. Amayamba kumkhazika wakeyo m'beseni, kumtchinjiriza ndi nsalu uku ndi uku, ngati kuti msana ungakhwime mokakamiza. Achibale nawo amayamba kunong'onezana kuti, "Kodi mwanayu watani? Anzake adakhala kalekale."

Pakati pa 1997 ndi 2003, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidapima ana pafupifupi 8,500 m'maiko a Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi United States, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2006. Lidapeza kuti ana athanzi amayamba kukhala okha nthawi ina iliyonse pakati pa miyezi 4 ndi 9, kukwawa pakati pa miyezi 5 ndi 13, ndi kuyenda pakati pa miyezi 8 ndi 18. Ana 4 mwa 100 alionse sadakwawe konse, koma adangoimirira nayamba kuyenda. Motero mwana wokhala pa miyezi 5 ndi mnzake wokhala pa miyezi 8 onsewo ali bwino. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kafukufuku yemweyo adaonetsanso kuti ana oyamwitsidwa ndi kusamalidwa bwino amakula mofanana, kaya ndi a ku Ghana kaya ndi a ku Norway. Tsono pamene kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi muno adali opinimbira, sitinganene kuti ndi ufupi wa kumtundu chabe. Ambiri mwa ana otere amayamba kutsalira pa msinkhu womwewu tikukambawu, ndipo umboni wake umakhala uli pa kadi ya kusikelo.

Kadi imeneyi idatchuka kaamba ka ntchito ya Dr David Morley, dokotala wa ana amene adagwira ntchito ku Imesi-Ile, m'dziko la Nigeria, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Cholinga chake chidali chakuti kadi izisungidwa ndi mayi kunyumba, kuti iye mwini aziona m'mene mwana wake akukulira. Mwana wobadwa ndi makilogalamu 3 amayenera kufika pafupifupi makilogalamu 6 pa miyezi 5, ndi 9 pokwanitsa chaka. Koma chofunika koposa nambala ndicho kumene mzere ukulowera. Ukamakwera mwezi ndi mwezi, mwana akukula, ngakhale aoneke wamng'ono pakati pa anzake. Ukagona osakwera, pali chimene chalakwika. Ukatsika, musadikire tsiku lina la sikelo.

Nanga n'chifukwa ninji mzere umagona mwana akafika miyezi 6? Pa msinkhu umenewu mkaka wa m'mawere paokha sukwaniranso, ndipo ayironi wopangira magazi amene mwana adabadwa naye amakhala akutha. Mimba yake ndi yaing'ono, yosaposa kapu ya tiyi. Tikaidzaza ndi phala lamadzimadzi la ufa woyera, mwana amakhuta koma thupi silipindula. Phala lake liyenera kukhala lolimbirako, losayenderera pa supuni, lothira nsinjiro, dzira, usipa wosinja, masamba kapena timafuta pang'ono. Adye kawiri kapena katatu pa tsiku uku akuyamwabe, mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti mwana wayamba kutola chilichonse ndi kuponya m'kamwa. Akatsekula m'mimba timati ndi mano. Mano amachititsa dovu ndi kuyabwa kwa nkhama, koma kutsekula m'mimba kumadza ndi tizilombo ta m'dothi, m'madzi ndi m'manja mosasamba. Liwombo likalowa m'kati, ndiye kuti thupi latha madzi. Mwana wotere afunika bere, madzi a Thanzi ndi chipatala msanga. Banja likamataya masiku kufunsana kuti adamtsempha mwanayo ndani, matenda amakhala akukula.

Wina anganene kuti, "Agogo athu adalera ana khumi popanda kadi, inu mwadziwa liti?" Funso limeneli lisanyozedwe. Agogo adadziwa zambiri zimene madokotala akuvomereza lero: kuyamwitsa nthawi yaitali, kubereka mwana kumbuyo, kumuimbira ndi kumseketsa mpaka ayambe kubwereza timawu take ta "ba-ba" ndi "ma-ma". Zimenezi tizisunge. Koma tikawafunsa agogo omwewo kuti mwa ana khumi aja adakula ndi angati, ambiri amayankha ndi misozi. Mwambo wopatsa khanda la miyezi iwiri phala kapena madzi poti likulira ndi umodzi mwa yoyenera kusiyidwa. Kuyambira mu 2001, malangizo a WHO ndi akuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6 yathunthu.

Kudekha sindiye kulekerera. Mwana amene khosi silinalimbe pa miyezi 4, amene satembenukira kumene kwamveka mawu, amene sanayambe kukhala pa miyezi 9, kapena amene waleka kuchita zimene ankachita kale, apite naye kwa achipatala. Ndiponso katemera wa pa masabata 14 akatha, makolo asaleke kupita kusikelo. Pa miyezi 6 pali vitamini A, pa miyezi 9 pali katemera wa chikuku, ndipo mwezi uliwonse pali kadontho kena koyenera kulembedwa pa mzere uja.

Pomaliza ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga. Chaka ndi chaka timaphunzitsa magirafu m'kalasi la masamu, ndi zitsanzo za mabasi ndi mitengo ya katundu. Girafu imene ili m'nyumba iliyonse momwe muli khanda timaiiwala. Tibwereke kadi yopanda dzina kwa alangizi a zaumoyo, tiijambule pa bolodi, anyamata ndi atsikana omwe aphunzire kuiwerenga. Ndipo inu amene mwangotsiriza sukulu, mungakhale musanapeze ntchito, pali mlongo wanu kapena mlamu wanu amene amabwera kusikelo ndi kadi imene palibe adamfotokozera. Khalani naye pansi, muonere limodzi kumene mzere ukulowera. Paja m'mera mpoyamba.

Sabata ya mawa tidzakambirana za mwana wa miyezi 9 mpaka chaka chimodzi.