Chitsulo Chosalala Sichigwira Fupa

Anzanga, ambiri a ife timayesa kuti chinthu chosalala ndi chonyezimira ndicho chopangidwa mwaluso. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndikuti pa zitsulo zimene madokotala aika m'mafupa a anthu, chokhakhala ndicho chopambana.

M'chaka cha 1952 dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, anaika kachitsulo ka titanium m'fupa la mwendo wa kalulu pofuna kuona kayendedwe ka magazi. Pamene anati akachotse, anapeza fupa litakagwira zolimba. Pofika 1965 anaika zitsulo zotere m'nsagwada za munthu kuti zigwire mano oikirira.

Titanium sachita dzimbiri m'thupi, ndipo thupi silimukana wamba. Komatu zimenezi sizikwanira iyayi. Chitsulo chikasalala, fupa lisowa pogwira, thupi lichikuta ndi kamnofu kofewa, ndipo pang'onopang'ono chiyamba kugwedera. Taganizani za nkhalamba imene anaiika chitsulo m'chiuno: iyenera kubwereranso ku opaleshoni, ndipo yachiwiri ivuta koposa yoyamba.

Chifukwa chake akatswiri amakuta chitsulocho ndi timikanda ta titanium, kapena kuchipopera ufa wake wosungunuka, kuti pakhale timabowo tosafika theka la milimita. Ena amapakaponso hydroxyapatite, ndiye mchere womwewo umene ulimbitsa mafupa athu. Pamenepo fupa limamera nkulowa m'timabowomo pamodzi ndi timitsempha ta magazi, kufikira fupa ndi chitsulo zikhala ngati chinthu chimodzi. Nzeru yake ndi yomwe ija ya mmisiri amene ayamba wakanda khoma asanapake pulasitala.

Alipo otsutsa, ndipo mawu awo si achabe. Iwo ati m'timabowomo mungabisale tizilombo ta matenda pamene mankhwala safika msanga, atinso mtengo wake ngwokwera. Nzoonadi. Koma kodi munthu aleka kumanga nkhokwe chifukwa choopa makoswe? Chofunika ndi ukhondo waukulu pa opaleshoni. Kunena za mtengo, chodula koposa ndicho kung'amba munthu kawiri pa nthenda imodzi.

Tsono anzanga, ntchito yotere itheka pokhapokha odziwa zitsulo ndi odziwa thupi la munthu atakhalira pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Inu amene mukonda Bayoloje nimuthawa Kemisitiri, kodi mudzalithandiza bwanji fupa kugwira chitsulo?