Khadi la Chipani Lisakhale Chiphaso cha Pamsewu

Ana anga a ku Lundazi, mawu a akulu akoma akagonera. Khalani pansi ndikukumbutseni za 1964.

Ufulu uli pakhomo, udani unakula pakati pa UNIP ya a Kenneth Kaunda ndi mpingo wa Lumpa wa mayi Alice Lenshina a ku Chinsali. Gwero lake linkaoneka lochepa: khadi la chipani. A Lumpa ankakana kuligula, anyamata a chipani n'kumawaopseza ndi kuwatenthera matchalitchi, mpaka iwo anasamuka kukamanga midzi yawoyawo yotchinga ndi mipanda. Mfuti zitalira ku Chinsali mu Julayi, panali poti n'kunena kuti ndi za kutali. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa 3 Ogasiti a Lumpa anagwera boma la Lundazi ndi midzi yozungulira, ndipo anthu pafupifupi 150 anaphedwa. Patangopita masiku ochepa, obwezera anakapha a Lumpa m'mudzi wa Paishuko. Pomwe chipwirikiti chinkatha, maliro m'dziko lonse anali atapyola 700, ndipo zikwi za anthu zinathawira ku Congo. Musandifunse kuti anapambana ndani.

Za posachedwa mwaziona nokha. Mu 2019, anansi athu a ku Malawi atakwiya ndi chisankho cha pa 21 Meyi, zionetsero zinkatseketsa masitolo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mkwiyo wawo unali ndi mutu, poti khoti linadzafafaniza chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020. Komabe mayi wa geni wodutsa pa Lusuntha kupita ku Jenda, amene sanaponye voti kumeneko, ankagona ndi nkhawa ya katundu wake ngati wina aliyense.

Tsono inu anyamata, wandale akakupatsani malaya ndi ndalama ya mowa kuti mukaime pa siteshoni ya basi, kanani. Walira mvula walira matope: mwala womwe mungagendere basi ya ku Chipata ukhoza kukagwera azakhali anu opita kuchipatala. Mlendo ndi mame. Mufunseni ngati wadya, chipani chake musiyireni yekha.

Nanunso apaulendo, nyengo ya kampeni chitenje cha chipani chizitsala m'sutikesi. Musanakwere, yambani mwafunsa madalaivala ndi makondakitala za kutsogolo, ndipo mukamva kuti kwavuta, gonani kwa abale mpaka msewu utseguke.