ZA UMOYO WATHU: Tizirombo Tokapa Mankhwala

Sabata ino tiyankhe funso limene ambiri amafunsa: kodi n'cifukwa ninji makapisozi amene kale anali kuciritsa msanga masiku ano amalephera?

Matenda monga cinzonono, kolera ndi taifodi amadza ndi tizirombo tochedwa mabakiteriya. Kacirombo kalikonse, ngakhale kali kosaoneka ndi maso, kali ndi khungu lokazinga monga mpanda uzinga nyumba. M'khungumo muli timakomo topangidwa ndi mapuloteni. Tina n'tolowetsa cakudya, tina n'totulutsa zonyansa. Mankhwala monga tetracycline sangagwire nchito ali panja. Ayenera kulowa, nacuruka m'kati mwa kacirombo, kuti akaletse kukula ndi kuswana.

M'caka ca 1980, a Stuart Levy ndi anzawo a pa Tufts University ku Boston anaonetsa kuti mabakiteriya ena a E. coli ali ndi timapampu totaya tetracycline kunja. Acita monga msodzi amene akapa madzi m'bwato lobooka: akakapa mofulumira kuposa mmene madzi alowera, bwato silimira. Pambuyo pace kunadziwika kuti timapampu tina timataya mankhwala a mitundu yambiri, ndi kuti tizirombo tina timacepetsa timakomo tolowera. Coopsa koposa n'cakuti mabakiteriya amapatsirana luso limeneli, ngakhale ali a mitundu yosiyana.

Tsono taonani cimene cicitika munthu akagula makapisozi awiri pa msika. Tizirombo tofooka timafa, koma tokapa timatsala, tiswana, ndi kufalikira kwa ana ndi anansi. Cimodzimodzi tikamathira mankhwalawa m'madzi a nkhuku popanda uphungu wa alangizi a ziweto. A Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini, anacenjezeratu za kumwa mankhwala operewera mu 1945. Akatswiri anawerenga kuti mu 2019 anthu oposa 1.2 miliyoni anafa pa dziko lonse cifukwa ca mabakiteriya osamva mankhwala.

Cotero, abale, mukadwala pitani ku cipatala. Imwani mankhwala pa nthawi yace, ndi kwa masiku onse amene adokotala anena. Musagawireko mnzanu, ndipo musaumirire makapisozi pa cimfine, pakuti cimfine sicidza ndi mabakiteriya. Mankhwala amene tiwasamala lero ndiwo adzapulumutsa adzukulu athu.