Agogo akagwa, yambani mwafunsa za mapiritsi

Nkhalamba ikagwa pakhonde, yankho limakhala lokonzeka kale: "Ndi ukalamba umenewo." Ena amafika mpaka potchula ufiti. Koma ndi ochepa amene amamasula kajumbo ka kumutu kwa mphasa kuti aone mapiritsi amene agogowo akumwa. Ine ndikuti mbali yaikulu ya mlanduwu ili m'kajumbomo, ndipo zipatala zathu zikuuzemba.

Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 padziko lonse amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo opitirira zaka 60 ndiwo amachuluka. Si nkhani yongoseka pamaliro iyi.

Munthu akakula, impso ndi chiwindi zimachedwa kuchotsa mankhwala m'thupi. Piriton amene mnyamata amamwa n'kupita kudimba, agogo amawasiya akuwodzera mpaka mawa. Diazepam ndi amitriptyline nawonso amalemetsa mutu ndi kufooketsa miyendo. Glibenclamide wa shuga, akamwedwa ndi munthu amene wagona ndi njala mu February, amatsitsa shuga mopitirira. Ndiye pali HCTZ wa BP, wokodzetsa uja. Agogo akamwa madzulo, pakati pa usiku amadzuka mothamanga, BP n'kutsika, chizungulire n'kuwagwira ali panja mumdima, chimbudzi chili kuseri kwa khola, njira yake ya mizu ndi matope.

Amayi ndiwo amagwa kawirikawiri, ndipo poti mafupa awo amayamba kufooka akasiya kusamba, kugwa kamodzi kokha kumatha kuthyola fupa la m'chiuno. Komabe timawasiya asenze ndowa kuchokera kumjigo. Abambo amagwa mocheperapo koma ndiwo amafa kwambiri akagwa, ndipo amene amatsira kachasu pamwamba pa mapiritsi amadziwonjezera okha tsoka.

Chimene chimandinyansa ndi ichi: mankhwala timadziwa kuwonjezera, kuchotsa ayi. Tsegulani buku la kuchipatala la agogo anu. Dokotala uyu analemba a BP, wina a msana, wina a tulo, mdzukulu wa ku Joni watumiza ake, kugolosale agulanso ena. Akafika mitundu 5, ngozi yakugwa imakhala itakwera kale, koma palibe amene anawayala onse patebulo n'kufunsa ngati akufunikabe. BP nayo imayezedwa munthu atakhala pampando basi, pamene vuto limaoneka akaimirira.

Mudzati madokotala ndi ochepa, mzere ndi wautali. Zoona. Koma kuyezanso BP munthu ataimirira kumatenga mphindi 3, pomwe wothyoka m'chiuno amagwira bedi masabata ambiri, mwendo utakokedwa, womudikirira atasiya munda.

Sindikuti agogo ataye mankhwala a BP, chifukwa sitiroko ingawapeze. Ndikuti Unduna wa Zaumoyo ulamule kuti wodwala aliyense wopitirira zaka 60 azifunsidwa ngati anagwapo chaka chino, ndipo azibwera ndi mankhwala onse amene akumwa, ngakhale a kwa sing'anga.