Madzi mu mgodi wakale? Tiyambe taona nthaka

Anzanga, kumudzi kwathu kuli nkhuti zomwe anthu anakumbamo dothi la njerwa. Mvula ikagwa zimadzaza madzi, ndipo chaka ndi chaka m'mphepete mwake mumagumuka. Nkhutizi ndi zomwe ndinakumbukira aphunzitsi a Physics atatiuza kuti kunjaku migodi yosiyidwa ayamba kusungiramo magetsi.

Zimayenda chonchi. Pamafunika maenje awiri, lina kumtunda, lina kumunsi. Masana magetsi a sola akachuluka, mapampu amakweza madzi kupita m'dzenje lakumtunda. Usiku amawatsegulira, madziwo n'kutsika mwamphamvu, akuzungulitsa makina opangira magetsi. Basi, mgodi wasanduka batire! Ku Kidston, m'dziko la Australia, anasankha maenje awiri a mgodi wa golide womwe unatsekedwa mu 2001 kuti apangepo malo otere a mamegawati 250.

Ineyo nzeru imeneyi ndaikonda. Dzenje lilipo kale, ndiye sipafunika kusamutsa midzi kapena kumiza minda ya anthu. Komanso mdima tikuudziwa. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu 2022, ngakhale zigayo zinkaima.

Koma tisathamange. Mgodi ndi nthaka yovulala kale, pansi pake pali mphako ndi ming'alu. Madzi akamakwera ndi kutsika tsiku lililonse amalowa m'ming'alumo n'kufooketsa miyala. Ku Ruhr, m'dziko la Germany, nthaka inatitimira mamita oposa 20 m'malo ena chifukwa cha migodi ya malasha, moti mpaka lero mapampu amachotsa madzi kuti nyumba zisamire. Pafupi pompa ku Mufulira, ku Zambia, matope anagumukira mu mgodi mu 1970 ndipo anthu 89 anafa. Apo sankasunga magetsi ayi, koma zikutionetsa zomwe madzi ndi nthaka yofooka zimachita zikakumana.

Ifenso tili ndi migodi, monga Mchenga ku Rumphi ndi Kayelekera ku Karonga. Tsiku lina miyala idzatha, maenje adzatsala. Akadzabwera ofuna kuthiramo madzi, ine ndikuti akatswiri ayambe ayeza kulimba kwa miyala, ayezenso madziwo ngati sangaipitse zitsime. Zotsatira zake aziwerenge pamsonkhano wa kwa amfumu, m'chilankhulo chomwe agogo angamve. Nthaka ikapezeka yofooka, ntchitoyo isayambike, ngakhale ndalama zitakhalapo. Oyamba kugwera m'dzenje sadzakhala mabwana a kampani, adzakhala eni mudzi ogona pamwamba pake.