PHUNZIRO LA NSAWA

Ku Kasenengwa, m'dziko la Mfumu Madzimawe ndi m'midzi yozungulira, palibe mwana wosadziwa nsawa. Koma ndi owerengeka okha amene anayang'anitsitsa m'mene mbeu imeneyi ibalira. Cimanga cionetsa ana ace poyera, kuti yense wopita pa njira aone. Nsawa siitero ai. Iphuka duwa lacikasu, ndipo duwalo likafota, paturuka kamcira kolunjika pansi, nikalowa m'nthaka. Mumdima momwemo ndimo mukhwimira nsawa. Za mtundu wa Chalimbana, zimene zinachukitsa dziko la kum'mawa lino, zitha miyezi ngati isanu m'munda. Wozizula msanga cifukwa ca njala ya maso apeza makoko opanda kanthu.

Mwana wa sukulu ayenera kulingalira bwino cinthu cimeneci. Kufuna kukhala munthu wamkuru si cimo. Wina afuna kukhala mphunzitsi, wina dotolo, wina mlimi wa ng'ombe zambiri, ndipo zonsezi nzabwino. Colakwa ndico kukhumba ulemu ndi kukana nchito yobisika imene ibala ulemuwo. Akuru anati, walira mvula walira matope. Wofuna kukaphunzira ku Chizongwe ayambe lero kuwerenga madzulo atabwera kubusa, ndi kubwereza samu imene yamkanika kufikira aidziwe. Palibe womuombera m'manja pa zimenezi, komatu ndipo pamene kamcira kalowa m'nthaka.

Mbiri ya dziko lino iphunzitsanso comweco. M'caka ca 1898 Angoni a Mpezeni anagonja pa nkhondo ndi Azungu, ng'ombe zao zambiri zinalandidwa, ndipo pambuyo pace msonkho unafika. Amuna ambiri anapita ku Harare ndi kumigodi kukafuna ndalama. Ena anasunga pang'onopang'ono, nabwera kwao ndi njinga, makina osokera kapena pulao, namanga midzi yao. Ena anadya zonse m'zobvala ndi moŵa, nacita manyazi kubwerera cimanjamanja, nasanduka machona. Njira inali imodzi, koma mitima inali iŵiri.

Masiku ano ambiri athamangira ku Lusaka. Kupita sikoipa, ngati munthu anyamula luso m'manja kapena m'mutu. Koma mnyamata amene ayamba kunyoza khasu cifukwa wadziwa Cizungu pang'ono aiŵala kuti yunifomu yace ndi makope ace zinacokera m'thumba la nsawa limene amace anasenda usiku.

Nsawa iri ndi khalidwe linanso. Mizu yace isiya cakudya m'nthaka, kotero kuti cimanga cobzalidwa pamenepo caka cotsatira cikondwa. Munthu wakula zoona ndiye amene asiya malo ace ali abwino koposa m'mene anawapezera: aphunzitsa mng'ono wace kuŵerenga, athandiza nkhalamba kulemba kalata, sanyenga pa muyeso. Ukuru wotere sufika tsiku limodzi. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

MAFUNSO
1. Kodi nsawa ibala bwanji?
2. Machona ndi anthu otani?
3. Chulani nchito zitatu zobisika zimene mwana wa sukulu angathe kucita mlungu uno.