Maganizo a Mkonzi: Chiwongolero m'manja mwa mkazi

Aliyense amene waimapo m'mawa pamsika wa Insaca, n'kumaona njinga zamoto zikutuluka m'fumbi la msewu wa ku Entre Lagos zitasenza matumba a mpunga ndi madengu a matemba a ku Chilwa, adzavomereza kuti pamene mwamuna wagwira chiwongolero, mayi amakhala kumbuyo chammbali, dzanja lina litagwira chitenje, lina likuchirikiza mwana, ngati kuti Namalenga analemba pamwala kuti malo ake ndi amenewo.

Koma taonani, m'chaka cha 2018, Ana Carrasco wa ku Spain, atayamba mpikisano wotsiriza wa njinga zamoto ku Magny-Cours ali pa nambala 25, analimbana ndi amuna mpaka anamaliza pa nambala 13, ndipo malo ooneka onyozekawo anamukwanira kulandira ufumu wa dziko lonse lapansi wa Supersport 300 poposa mnzake ndi pointi imodzi yokha. Zoonadi kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngakhale anathyoka mafupa a msana mu 2020, anadzukanso, ndipo mu 2024 anapambana mpikisano woyamba wa dziko lonse lapansi wa akazi okhaokha pa njinga za Yamaha R7. Mwa akazi a kuno kwathu ku Africa, Kirsten Landman wa ku South Africa anamaliza Dakar Rally ya 2020 m'chipululu cha Saudi Arabia.

Ife sitikupempha bwalo la mipikisano m'Mecanhelas muno, pamene misewu yeniyeniyo imasanduka phala mvula ikagwa. Tingofunsa akuluakulu a kabaza ngati mtsikana wofuna kuphunzira chiwongolero adzalandiridwa pa siteji yawo popanda kumuseka.